Injini ikakana kulira pa Nkhata Bay, musafulumire kupeza vuto

Injini ya boti ikakana kulira, munthu wolemekezeka safulumira kupeza chomwe chavuta. Vuto lopezeka msanga limachotsa ulemu. Mukalipeza m'mphindi ziwiri, alovi anu adzati bwana anangotidzutsa pachabe, ndipo amayi amene abwera ndi mabeseni kudzadikira usipa adzasowa nkhani yokafotokoza kumsika. Malangizowa ndi anu eni maboti, kuyambira a ku Chikale mpaka inu amene mumanyamula anthu ndi matumba a simenti kupita ku Usisya ndi ku Ruarwe, makamaka ngati Yamaha Enduro yanuyo utoto wake unatha a Bakili Muluzi akadali pampando.

Yambani ndi kukoka chingwe. Kokani ndithu, choko ili chitsekere, mpaka petulo adzaze m'silinda ndi kunyowetsa mapulagi onse awiri. Apa mwapindula, pakuti poyamba munali ndi vuto limodzi, tsopano muli ndi awiri. Phewa likatopa itanani mnyamata wamphamvu kuposa onse akoke mpaka chingwe chiduke, akhale atatu.

Pa nthawi yonseyi maso anu asagwere pa kabatani kofiira kozimitsira injini. Pamenepo pamalowa kapulasitiki komangidwa ku kachingwe kamene woyendetsa amayenera kuvala padzanja, kuti akagwera m'madzi injini izime yokha. Kapulasitikiko kakachoka, magetsi onse amathawira ku thupi la injini ndipo pulagi sipereka moto ngakhale mukoke mpaka Yesu abwere. Kambiri kamapezeka kali m'thumba la kabudula wa mlovi amene anazimitsa injini dzulo. Koma kodi mwini boti, bambo wovala malaya oyera ositidwa bwino monga mwa mwambo wa kuno, angagonje kwa kapulasitiki? Musakayang'ane.

Pofika pano anthu asonkhana kale. Alandireni bwino, mutu umodzi susenza denga. Aliyense wodutsa pagombe ndi makaniko: wogulitsa chinangwa chokazinga adzati ndi kabuleta, wa kabaza adzati njinga yakenso inkatero, ndipo mkulu wina amene anabwerako ku Johannesburg adzati injini za masiku ano n'zachabe, osadziwa kuti yanuyo ndi yamakedzana. Mverani onse, ndipo aliyense mumulole amasule nati imodzi. Manatiwo muziika pamchenga.

Ndiye padzaimirira wina n'kutsitsa mawu: "Ada, injini iyi sinangofa yokha." Ameneyo ndiye wanzeru. Kumbukirani mnzanu uja amene mwezi wathawu chilimira chake chinabwera chopanda kanthu inu mutadzaza boti, ndipo pokupatsani moni sanakuyang'aneni kumaso. Ubwino wa ufiti ndi woti sufuna sipanala. Zoti Nkhata Bay ndi dera la mvula yambiri, zoti injini yanu imagona panja chaka chonse, zoti chinyezi chimalowa m'malumikizidwe a mawaya n'kusiya dzimbiri lobiriwira lomwe limatsekereza magetsi, zimenezo ndi nkhani za ana a sukulu. Kasandipepa ndi kudina mawaya kuti agwirane zolimba zingathetse zonsezi dzuwa lisanatenthe, komano mbuzi ya kwa sing'anga adye ndani?

Mukakakamizika kumasula pulagi, musaiwerenge. Pulagi imalankhula momveka kwambiri, n'chifukwa chake ndi yoopsa. Ikakhala ya mtundu wa khofi wothira mkaka, injini ikuwotcha bwino. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, mwachulutsa oilo kapena moto ndi wofooka. Ikakhala yoyera mbee, injini ikutentha mopitirira muyeso. Mukaona timadontho ta madzi kunsonga kwake, mwina gasiketi yapita kapena petulo wanu anabatizidwa. Zonsezi n'zochititsa manyazi, choncho ingoipukutani pa malaya a mlovi, muiwambe pa moto wa mbaula n'kuibwezera. Mpata wa kunsonga kwake, umene buku la injini limaupereka m'tizigawo ta milimita, inu muupime ndi diso. Diso lanu ndi lomwe lija limasiyanitsa batala ndi mpasa usiku, lingalephere milimita?

Poyesa moto pali njira ziwiri. Anthu opanda chidwi ndi zisudzo amalowetsa pulagi m'chipewa cha waya wake, kugunditsa mazinga ake pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo komanso ndi petulo, kenako wina n'kukoka chingwe. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka mwamphamvu. Wachikasu ndi wofooka. Silinda imodzi ikakhala ndi moto ina ayi, amasinthanitsa mapulagi, ndipo ngati injini ili ndi makoilo awiri amasinthanitsanso makoilowo kuti aone ngati vuto likusamuka. Zonse ziwiri zikakhala zii, amachotsa waya wa batani lozimitsira lija, umene pa Yamaha zambiri ndi woyera, chifukwa ukasupuka n'kukhudza chitsulo umazimitsa injini mwakachetechete. Moto ukabwerera, basi, mlandu watha. Njira imeneyi ndi yogwetsa ulesi. Inu mupatse mlovi wamng'ono kuposa onse waya wa pulagi augwire ndi dzanja lonyowa. Akadumpha n'kuitana amayi ake m'Chitonga, moto ulipo. Akapanda kudumpha, yesani mlovi wina, mwina uyu ndi wokhwima. Ndipo kokani chingwe mawaya a mapulagi ali lende mumlengalenga, kuti magetsi osowa kolowera awononge koilo kapena kabokosi ka magetsi kotchedwa CDI, vuto lodula lija mumalifunali lipezeke ndithu.

Pali matenda ena okoma kwambiri amene ndikulakalaka injini yanu itakhala nawo. Imalira bwinobwino pagombe, kuyenda theka la ola, n'kuzima pakati pa nyanja. Ikazizira imaliranso ngati palibe chinachitika. Amakaniko osakhulupirira amati ndi koilo yokalamba imene tiwaya take timalekana ikatentha, kapena kabowo kopumira pa chotsekera cha thanki kamene mwaiwala kumasula. Inu mukudziwa kuti injini imazima pamalo omwewo chifukwa pamenepo pali mizimu. Nanga bwanji sizimira pena? Musaganize zoti theka la ola kuchokera padoko nthawi zonse limakufikitsani pamalo omwewo.

Gombe la kuno ndi lamiyala, choncho tsiku lina pulopela idzamenya mwala. Injini ikayamba kuphulika mokhosomola ndi kukubwezerani chingwe mwaukali kuchokera tsiku limenelo, musatsegule fulaiwilo. Pansi pake pali kachitsulo kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi, komwe kamagwira fulaiwilo pamalo pake kuti moto uzifika pa nthawi yake. Kakadukapo moto umakhalapo ndithu, wabuluu wokongola, koma umafika nthawi yolakwika. Kachitsuloko ndi kotchipa. Munthu wa msinkhu wanu sangakwere minibasi makilomita pafupifupi 50 kukwera phiri mpaka ku Mzuzu kukagula chinthu chotchipa.

Pitani mukagule CDI. Kabokosi kakuda kameneka n'komwe kamasunga magetsi ochokera ku koilo ya pansi pa fulaiwilo n'kuwatulutsa nthawi ikakwana, ndipo sikatseguka, sikakonzeka, sikabwezedwa kusitolo. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake umamveka bwino mukautchula pabawo. Sankhani kamene wogulitsa akulumbira kuti ndi orijino ngakhale dzina la Yamaha lalembedwa ndi zilembo zosakwana. Makina opimira magetsi, amene amakaniko enieni amapimira koilo iliyonse asanaiweruze, musawayandikire, amachotsa chikhulupiriro. Mukamanga CDI yatsopano injini n'kukanabe, ndiye kuti vuto ndi lalikulu kuposa mmene adani anu ankaganizira, ndipo mutha kuyenda chotukumula m'tauni.

Za petulo n'zosavuta. Mugule wa m'zigubu kuseri kwa msika, makamaka nthawi ya mizere ku mafilingi siteshoni, ndipo musamusiye m'botolo loonekera kuti muone ngati madzi akukhala pansi. Oilo, amene pa injini zambiri zotere amafunika gawo limodzi pa magawo 50 a petulo, muthire mwa chisomo. Utsi ukaphimba doko lonse anthu a ku Chintheche adzaganiza kuti nkhungu zatuluka, koma adzadziwa kuti simuumira.

Injini ikadzalira mwangozi, nyamukani nthawi yomweyo, makamaka mu Julayi. Pulagi yapadera musatenge, nkhafi musiye kunyumba chifukwa zimanyozetsa injini. Sipanala ya pulagi mutenge, koma musaimange chingwe, kuti pomasula mafunde akukugwedezani igwere m'nyanja imene kumpoto kwa Nkhata Bay imazama mamita pafupifupi 700. Mukatero khalani pansi, mwera udzakuperekezani kwaulere kulowera ku Usisya. Mukaphonya Usisya musade nkhawa: sitima ya Ilala yakhala ikuyenda m'madzi amenewa kuyambira 1951, ndipo sabata ikakhala yabwino imadutsa.