Satifiketi ili pakhoma, mwini wake ali pakhonde

Abale anzanga, musandione chonchi, ine ndi munthu wophunzira. Mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kukutchulirani ziwalo zonse za chiwala, n'kukufotokozeraninso mmene alimi a ku Canada amalimira tirigu. Kungoti mpaka lero sindinakumane ndi bwana wofuna katswiri wa mimba ya chiwala.

Ife ndi aja tinakhamukira kusukulu mu 1994, pulayimale itakhala yaulere. Tinkaphunzira pansi pa mtengo, mitima ili mu ofesi ya mpando wozungulira. Bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA litakhazikitsidwa mu 1999, tinkati ukalipentala, kuwotcherera ndi kumanga nyumba ndi za anthu olakwa mayeso. Mnzanga wina yemwe ankakhala kumbuyo kwa kalasi anadzapita ku Soche Technical, ife n'kumuseka mpaka misozi. Lero amaika magetsi a sola m'nyumba za mabwana, ine ndimamugwirira makwerero. Akamalemba risiti amandifunsa kalembedwe ka mawu ovuta a Chingerezi, ndiye musamati sukulu yanga inapita pachabe.

Akuti dziko lonse lasanduka msika umodzi, ndipo n'zoona. Batire ndi ya ku China, mawaya achokera ku Joni, mwini nyumba ali ku London akulamula pa WhatsApp. Msika umenewu sufunsa mapointi a MSCE. Funso lake ndi limodzi: "Umatha chiyani?" Ine chimene ndimatha ndi kulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo pa luso limeneli palibe angandipose m'boma lathu lonse.

Mu 2023, achinyamata atayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndinati nthawi yanga yakwana, poti phunziro la zaulimi ndinakhoza bwino. Mayi a kunyumba sanayankhe. Anangondilozera kadimba ka kuseri, komwe mpiru unauma ine ndili pompo, ndikuwerenga nyuzipepala.

Tsono akuluakulu okonza maphunziro, musanalembe silabasi ina, kachezeni kaye ndi eni magalaja, mafakitale ndi minda, muwafunse anthu amene akuwasowa. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera, aja anayamba mu 2015, muwapatse zipangizo zokwanira, kuti mwana asaphunzire kuwotcherera pa bolodi.

Ine ndayamba kale kuphunzira zamagetsi. Mphunzitsi ndi mnzanga uja, ndipo wandikhazika kumbuyo kwenikweni.