Maso a Nkhono ku Alton Towers

Alton Towers ndi malo a zisangalalo a m'chigawo cha Staffordshire ku England, omangidwa mozungulira chinyumba chakale cha mabwana olemekezeka otchedwa Earl of Shrewsbury. Kuyambira 1980, pamene anaikapo Corkscrew, sitima yothamanga panjanji yopotana imene inkatembenuza okwera chadodolido, anthu akhala akulipira ndalama kuti akaopsezedwe kumeneko. Mu Okutobala, masamba akamayoyoka m'mitengo, kumachitika chikondwerero cha Scarefest chokonzekera Halloween, ndipo sabata imene ana amapuma sukulu chakumapeto kwa mweziwo anthu amachita kusowa poponda. Apa m'pomwe mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umayesedwa mphamvu, ngakhale kuti oupeka ankaganiza za munthu mmodzi wokhala phee pafupi ndi nkhono imodzi, wopanda ana atatu omukoka jekete.

Kudekhako kumayambira kunja. Banja limasiya galimoto kutali, n'kuima pamzere kudikira kasitima kopita nalo kuchipata, komwe kuli mzere wina woonetsa matikiti. M'kati muli maungu mbwee, ena oboola maso ndi mano. Kumeneko dzungu la mu Okutobala ndi chokongoletsa, ndipo mlendo wokulira kumene dzungu amaphika, masamba ake n'kutendera, amadutsa pamenepo akupukusa mutu.

Banja limalekana pa ndodo yoyezera msinkhu. Masitima akuluakulu monga The Smiler ndi Oblivion salola munthu wosafika mamita 1.4, ndipo woyezayo amadziwa bwino mwana woima ndi zala za kumapazi. Wamng'onoyo amauzidwa kuti adekhe, koma kudekha kwake n'kwa zaka. Mayi amamutenga akulira kupita naye ku CBeebies Land, chigawo cha ana aang'ono chimene chinatsegulidwa mu 2014, pamene bambo, amene kunyumba analengeza kuti saopa kanthu, amatsogolera akuluakuluwo ku The Smiler.

Sitimayi inayamba kuyenda mu 2013 ndipo imatembenuza munthu maulendo 14, kuposa ina iliyonse padziko lapansi panthawiyo. Ulendo wake sukwana mphindi zitatu, koma tsiku lodzaza anthu mzere wake umatha kupitirira ola. Mzerewo umakhotakhota m'mipanda ya mawaya pansi pa njanji yomweyo, kotero kuti wodikira amamva kukuwa kwa anzake m'mwambamo nthawi yonse, ndipo nkhope imodzimodziyo amakumana nayo pokhota paliponse mpaka kuyamba kugwedezerana mutu. Zikwangwani zamagetsi ndi foni zimaonetsa mphindi zodikira, ndipo bambo amasanduka katswiri wa masamu, kuwerengera ngati kuthamangira sitima ina kungapindule. Kawirikawiri sikupindula, chifukwa mabanja ena onse aona nambala yomweyo n'kuthamangira komweko. Mwana nayenso safuna chimbudzi kumayambiriro kwa mzere. Chimamupeza patatsala anthu khumi.

Chimene makolo akale sanachilote n'chakuti kudekha kungakhale ndi mtengo wake pakauntala. Pamalowa amagulitsa tikiti yapadera yotchedwa Fastrack, imene imalowetsa munthu pakhomo lina la mzere waufupi. Motero bambo akangomaliza kulangiza ana za ubwino wa kudekha, banja lina limadutsa chapambali likudya chipisi, n'kukwera. Mwana wochenjera amafunsa chifukwa chake enawo sakudekha, ndipo yankho loona lili m'thumba la bamboyo, kumene sangafune kuti mwana asuzumire. Kunena zoona, wogula tikitiyo sachotsa kudikira. Amangokusiyira a m'mbuyo, chifukwa mpando umene wakhalapo ukanakhala wa wina. Mwambi uja ukugwirabe ntchito, koma makamaka pa anthu a tikiti wamba.

Nanga maso a nkhonowo amaoneka? Oblivion, imene inatsegulidwa mu 1998, imakweza anthu pang'onopang'ono, n'kuwaimika kamphindi atalendewera pamwamba pa dzenje lakuda, kenako n'kuwagwetsa pafupifupi mamita 55. Nthawi imeneyi, imene munthu waidikira mmawa wonse, ambiri amatsinzina. Kamera yoikidwa m'mbali mwa njanji imajambula zonse, ndipo potuluka banja limaona bambo wosaopa kanthu uja ali kukamwa yasa, maso atatseka, atagwira mkono wa mwana wake. Chithunzicho n'chogulitsa, ndipo ana ndi amene amaumirira kuti chigulidwe.

Nkhono zenizeni, kwa wozifuna, angazipeze m'chigwa cha pakati pa malowa, m'minda ya maluwa imene inayamba kukonzedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Kumeneko kulibe mzere. Kumakhala agogo osungitsidwa zikwama ndi maambulera, ndipo madzulo iwo okha ndi amene miyendo siwawawa.

Kukada, masitima amayendabe mpaka cha m'ma 9 koloko. Wicker Man, sitima ya njanji yamatabwa ya mu 2018, imadutsa m'chifanizo chachikulu chofuka utsi, ndipo ochita zisudzo ovala ngati mizukwa amabisala m'nyumba zoopsezera, zimene nazonso zili ndi mizere yake, zambiri ndi malipiro akeake. Pomaliza khamu lonse limatuluka nthawi imodzi kukafunafuna magalimoto mumdima, n'kuloza m'timisewu topapatiza ta midzi yozungulira Alton, mmene magalimoto amachita kukwawa. Ana amakhala atagona kale kumbuyo, ndipo mzere umenewu ulibe tikiti yodumphira.