Kagalimoto kofiira ka mipando iwiri

Nkhani ya kagalimoto kofiira kaja tonse taimva, ndipo ambirife takanganapo kale, kaya pa bawo ku Golomoti, kaya pa chigayo ku Mtakataka, kaya potuluka m'tchalitchi ku Mua. Ndi Toyota MR-S ya 2004, mipando iwiri yokha, denga lansalu lopindika, ndipo mileji yake akuti sinafike makilomita 30,000. Mwiniwake timusiye apume. Mlandu uli pabwalo lero ndi wa pakamwa pathu.

Zopepuka zithe msanga. Anyamata a kabaza amalumbira kuti kanachoka ku Salima n'kufika pa Golomoti m'mphindi 20. Amene anayendapo pa M5, n'kukumana ndi maenje ake ndi mbuzi zake, angoseka. Ena akuti kalibe injini, poti atatsegula kutsogolo anapezako tayala la sipeya basi. Maso awo sananame, kungoti anafulumira kukalengeza: injini ya MR-S imakhala kumbuyo kwa mipando.

Mkangano weniweni uli pa mileji. Gulu loyamba, lotsogozedwa ndi madalaivala a Sienta, likuti manambala aja anachita kubwezedwa. Galimoto ya zaka zoposa 20 ingayende bwanji makilomita osakwana 1,500 pa chaka, pamene iwo mtunda umenewo amautha sabata isanathe? Gulu lachiwiri likuti anthu a ku Japan sanama, ndipo umboni wawo ndi sikimu ya mpunga ya Bwanje imene boma la Japan linathandiza kumanga. Apa tiyenera kuwadula mawu mwaulemu. Amene anamanga ngalande za madzi si amene amagulitsa magalimoto akale, ndipo pakati pa Japan ndi Golomoti galimoto imadutsa m'manja ambiri.

Komabe madalaivala aja asawombe m'manja msanga. Mileji yochepa chotere imatheka. Ku Japan ambiri amapita kuntchito pa sitima yapamtunda, ndipo kagalimoto kotere munthu amakagula kuti azikatulutsa Lamlungu kukacha bwino, kenako n'kukabwezera m'garaja. Kubweza mileji nako kumachitika, sitingakane. Chotero mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo chimene chingazilekanitse ndi pepala. Galimoto za ku Japan zimapimidwa ndi boma zikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo mileji ya pa nthawi yopimayo imalembedwa pa chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo. Wosakhulupirira mapepala ayang'ane chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mphira wa popondera mabuleki. Ngati zonsezi zinaperepeseka, manambala aja akunama. Chodabwitsa n'chakuti pa anthu onse amene akulumbira, palibe amene wapempha kuona chilichonse mwa izi.

Koma mawu amene atigwira mtima ndi a amakaniko achikulire, amene amalankhula mochedwa anzawo atatopa. Iwo akuti tonse tikukanganira chinthu chaching'ono. Ngakhale mileji itakhala yoona, galimotoyo yakalamba ndithu, chifukwa zaka zimadya galimoto ili chiimire. Njinga yopachikidwa kudenga zaka zisanu imatsika matayala atang'aluka, chikhalirecho sinaponde pansi. Mapaipi a madzi amauma, mphira wotchinga oyilo amayamba kudontheza, mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho, petulo wokhalitsa m'thanki amasiya litsiro. Matayala amatha kuoneka atsopano, mizere yake yonse ilipo, koma m'mbali mwake muli manambala anayi onena sabata ndi chaka chimene anapangidwa. Tayala la zaka khumi pa phula lathu la mwezi wa Okutobala si loti munthu aikepo moyo wake.

Ndipo taganizani ulendo umene kayenda. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kuyenda pamsewu kudzera ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe, kenako Karonga, Mzuzu, n'kutsata nyanja kufika kuno. Ndi makilomita oposa 1,500. Kagalimoto kozolowera kugona kayenda m'masiku ochepa mtunda umene kankayenda chaka chathunthu. Pa chifukwa chimenechi ife tili kumbali ya amakaniko: mwiniwake asinthe mafuta onse, madzi a mu radiyeta, mapaipi ndi matayala asanayerekeze kukwera Khwekhwerere. Kumeneko n'kumene injini imawira pokwera, mabuleki n'kutentha potsika, ndipo makona ake safunsa kuti mileji ndi ingati.

Za masipeya nazo zagawa anthu. Ena akuti chikangothyoka chinthu chimodzi, kagalimotoko kasanduka chogonamo nkhuku. Ena akuti ndi Toyota, masipeya ake ali mbwee. Onse akokomeza. Injini yake ndi 1ZZ ya 1.8, imene ilinso mu Wish, Premio ndi Corolla zina, kotero zambiri za mu injini zimapezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma nyali, galasi, bampala ndi denga lansalu lija ndi za MR-S yokha, ndipo Toyota inasiya kupanga galimotoyi mu 2007. Ng'ombe ikangokhudza nyali imodzi pa msika, kudikira kwake n'kwa miyezi, kulipira kwake n'kwa madola. Amene tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa tanthauzo la zimenezo. Nawo a MRA powerengera msonkho amayang'ana chaka chimene galimoto inapangidwa ndi kukula kwa injini, choncho amene akuti mwiniwake anaipeza motchipa chifukwa ndi yakale sanaimepo pa kasitomu.

Amayi a pamjigo ali ndi funso lawo, ndipo ndi lolemera kuposa onse: apongozi akhala pati? Thumba la mpunga likwera pati? Usiku wina mwana wa mnansi akadwala, n'kufunika kuthamangira ku chipatala cha Mua, wodwala ndi womudikirira akwana bwanji pa mpando umodzi? Kwathu kuno galimoto ikalowa m'mudzi imakhala ya mudzi wonse, ndipo iyi yakana udindo umenewo isanayambe n'komwe. Dandaulo limeneli ndi lomveka.

Koma tinenenso chilungamo. Anthu omwewa amene akuti ndi kuwononga ndalama ndi amene amaimitsa bawo kakamadutsa, ndipo amene amati n'kosathandiza ndi amene anajambulitsa ataimirira pambali pake. Munthu amene wakhetsa thukuta lake ali ndi ufulu wogula chinthu chongomusangalatsa, bola asamale miyoyo ya ana athu amene amayenda m'mphepete mwa msewu popita kusukulu. Tsopano kwabuka mkangano wina: akuti mabanja awiri akukafuna pa ukwati Loweruka limodzi, ndipo ankhoswe akufunsana kuti mkwatibwi akakhala pa mpando wachiwiriwo, mkamwini ayendetsa yekha kapena atsatira pa kabaza.