Ulemu kwa a Chenji

Timuthokoze Mngelezi chifukwa chotisiyira a Chenji. Liwu lakuti change lili ndi abale onenepa, a alter, a switch ndi a transform, koma amenewa amangogona m'mabuku a Fomu 4 ndi m'malipoti a mabungwe. A Chenji okha ndiwo adakhota nafe pa Bwengu, nkuwoloka mlatho wa Njakwa, nkumanga nyumba pa Rumphi boma.

Ntchito zawo nzosawerengeka. Dalaivala akamakwera Golodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, akamachenja giya pa khona iliyonse, ndi iwo. Mvula ikazemba alimi a fodya ku Bolero, alangizi amati climate change, iwo omwewo. Mu Epulo 1992 Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju, adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa chowaitana mokweza, ndipo pa 14 Juni 1993 dziko lidawavotera pa riferendamu. Ndi liwu liti lina lomwe lidamangitsapo munthu nkukhalanso lokwana m'thumba la malaya?

Koma ufumu wawo weniweni uli m'minibasi. Kondakitala wapinda makwacha pakati pa zala ngati nthenga za nkhanga, ukuwaona ndi maso ako, iye nkumati, "Chenji palibe, madala, mulandira kutsogolo." Kutsogoloko nkuti? Iwe watsika pa Bolero, a Chenji apitirira ulendo. Nzosadabwitsa kuti dzina lawo lidayandikana ndi kuchenjera.

Amadziwanso kusanduka. Mugolosale amalowa ali K100 ya James Sangala, nkutuluka ali switi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 adaonda, mwakuti K20 ya a M'mbelwa ngakhale mwana amailandira mokayika, koma sadadandaule.

Chomwe ndimawalemekezera kwambiri nkulumikiza ubale. Tsiku lina kondakitala adatipatsa K1,000 imodzi, ine ndi mayi wina wosamudziwa. "Mugawana," adatero, galimoto nkunyamuka. Tidayenda limodzi ngati banja, kwa wogulitsa tomato, kwa wa mandasi, kwa wa mayunitsi, onse akupukusa mutu. Pomaliza tidagula nthochi, nkukhala pamthunzi. Mayiwo adandifotokozera za khofi wa ku Phoka ndi za mpongozi wawo waulesi, ndipo nthochi yotsala, yomwe sinkagawika, adaikulunga m'chitenje.