Galimoto Yomwe Kulibe

Ku Mandimba kuli Land Rover yakale yomwe imasenza matumba a chimanga pamsewu wa N13 tsiku ndi tsiku, koma ku ofesi ya boma amati galimotoyo kulibe. Sakunama ayi. Nambala ya chasisi idadyedwa ndi dzimbiri, injini idachokera kutsidya kudzera pa Chiponde, ndipo kabuku ka galimotoyo, livrete, kamati mwini wake amakhala ku Nova Freixo. Tauniyo idasanduka Cuamba kalekale, mwiniwakeyo adabwerera kwawo ku Portugal mu 1975. Kuti umwini usinthe, pakufunika iyeyo adzasaine. Nkhani yaing'ono chabe: kungowadzutsa agogowo, kulikonse kumene adagona.

Pakhomo loyandikana pali Peugeot 404 yokhazikidwa pa njerwa, nkhuku zimaikiramo mazira. Iyo mapepala ake ngokwanira bwinobwino, choncho pamaso pa lamulo ndiyo ikuyenda.

Ine sindikudandaula. Chinthu chomwe kulibe sichingagunde mbuzi ya munthu, sichingafunsidwenso msonkho. N'chifukwa chake tsiku lamsika tonsefe, ndi achimwene a ku ofesi omwe, timalipira dalaivala, n'kukhala pamatumba, n'kukafika ku Cuamba osakwera kanthu.