Wapachala ngwamphepo

Pa nkhani ya fodya, anthu a ku Banket, ku Zimbabwe, safuna mphunzitsi. Tauniyi ili pa msewu wa Harare kupita ku Chirundu, makilomita pafupifupi 95 kuchokera ku likulu, ndipo m'makomboni a mafamu ozungulira muli zidzukulu za Amalawi omwe ankachezera kusonkhezera moto m'mabalani. Agogowo ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sankadziwa kuti akunena za pasiwedi.

Kalaliki wolemba mabelo amaitayipa ndi chala, n'kudina. Kamkombero kamayamba kuzungulira pasikirini, alimi pamzere n'kumamuyang'ana ngati wadya ndalama zawo. Mlandu umagwera netiweki, chonsecho timizere take tadzaza.

Pasiwediyo ili pa ulendo. Imayamba yaima pa proxy, seva yapakati imene imagwira ntchito ya mlonda wa pageti: palibe cholowa kapena kutuluka osadzera kwa iye. Ikafika yopanda chiphaso, mlondayo amaibweza ndi nambala 407. Ikadutsa imalunjika kwa seva yotsimikizira kuti munthuyu ndi mwiniwakedi, ndipo sevayo mwina ili ku Frankfurt, ku Ulaya. Zimbabwe ilibe nyanja yamchere, choncho uthenga umadzera ku Beitbridge kapena ku Mozambique kukapeza zingwe za pansi pa madzi monga Seacom ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Kuwala konyamula uthengawo kumathamanga makilomita 200,000 pa sekondi m'chingwe, komabe kupita ku Ulaya ndi kubwerako kumadya masekondi pafupifupi 0.2.

Ulendo umodzi sungadandaulitse munthu. Vuto n'lakuti makompyuta ndi aulemu kuposa apongozi: asanayambe nkhani ankapatsana kaye moni maulendo atatu, ndipo anachita kudikira ndondomeko yatsopano ya TLS 1.3 mu 2018 kuti achotsepo umodzi. Tsono pulogalamu ikalembedwa mosasamala, tizidutswa 30 ta tsamba limodzi n'kumafunsidwa chiphaso kamodzikamodzi motsatizana, masekondi 6 apita moni asanawerengedwe n'komwe.

Bwana akamva dandaulo amathamangira kugula mabando aakulu, kapena mbale ya Starlink yomwe inafika m'dzikolo mu 2024. Zithunzi zimayamba kutsika mwamkokomo, koma Frankfurt sasendera.

Katswiri wodziwa ntchito satulutsa ndalama msanga. Amadina F12 mu Chrome, kutsegula Network, n'kuona kuti ndi pempho liti likugona panjira. Akatero amayesa tsamba lomwelo molambalala proxy. Likathamanga, wapalamula ndi mlonda. Likatsimphinabe, maso onse kwa wotsimikizira wakutali uja. Mankhwala ake ndi a agogo aja: fodya asendere kumphuno. Munthu akatsimikiziridwa kamodzi apatsidwe chiphaso chosungidwa m'kompyuta mwake momwemo, njira yolumikizirana isamatsekedwe pa pempho lililonse, ndipo seva isamukire pafupi. Microsoft inatsegula malo a maseva ku Johannesburg mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020.

Pali kamsampha kamodzi. Mu ofesi ya pafamu kompyuta imodzi imagwiridwa ndi kalaliki, kapitawo ndi mwana wa bwana. Chiphaso chikakhalitsa osafa, kalaliki akangopita ku nkhomaliro aliyense angathe kulemba mabelo m'dzina lake. N'chifukwa chake akatswiri amachipatsa nthawi yofera, ndipo pobwera kokadya kalalikiyo amatayipanso pasiwedi.