Zomveka M'tauni: Akuti Buku ndi Mtengo, Sukulu ndi Tchuthi

Sabata ino nkhani ya kukwera kwa shuga yayamba yapumira kaye. Pabawo, pometera ndi kudepoti, anthu akulimbana ndi Chingerezi. Adauyatsa motowu ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, amene adati mawu oti book, omwe ife tidawapinda n'kukhala buku, akatswiri ambiri amawalumikiza ndi beech, mtengo wa ku Ulaya umene makolo a Angerezi ankazokotapo zilembo. Akalipentala a pakhonde atangomva, adaika pensulo kukhutu n'kulengeza kuti kuyambira lero tiziwatchula kuti alembi.

Kumsika yafika ya library. Gwero lake ndi liber, mawu a Chilatini otanthauza khungwa la m'kati mwa mtengo, lija timasendako luzi. Mayi wina wogulitsa nkhuni sadachedwe: “Ndiye mwana wanga akamati ali kulaibulale, ali ku makungwa? Bwanji osabwera kuno adzandithandize?”

Pepala nalo ndi chomera. Lidachokera ku papyrus, gumbwa wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Egypt. Agiriki ankamugula kudzera padoko la Byblos, ku Lebanon wa lero, ndipo dzina la dokolo ndi lomwe lidabala Bible, Baibulo lathuli. Anyamata ankayesa kuti akulu ampingo akwiya, koma iwo adangokumbutsa kuti Mose yemwe adapulumukira m'kabokosi ka gumbwa.

Mawu oti read, pa Chingerezi chakale, ankatanthauza kulangiza kapena kumasulira chinthu chobisika, ndipo ndi pachibale ndi riddle, ndagi. Agogo ena kuchigayo, amene sadapondeko m'kalasi, akuti ndiye kuti iwo akhala akuwerenga moyo wawo wonse, adzukulu asiye matama. Kondakitala wa minibasi sizikumukhudza. Akuti kwathu kuno kuwerenga n'kumodzi, kaya buku kaya ndalama, ndipo iye adasankha kale mbali yake.

Magazine ndi ya Aluya: makhazin, nyumba zosungiramo katundu. Edward Cave adaika mawuwa pa Gentleman's Magazine ku London mu 1731, kutanthauza nkhokwe ya nkhani. Msilikali wina wopuma wati n'chifukwa chake posungira zipolopolo pamfuti pamatchedwanso chimodzimodzi, ndipo watenga ola lathunthu kufotokoza zimene palibe adamufunsa.

Koma yomwe yautsa mapiri pachigwa ndi school. Kwa Agiriki, skhole inali nthawi yopuma, imene anthu osapanikizika ndi ntchito ankakhala pansi n'kumakambirana nzeru. Ana a fomu 4 ayilandira ndi manja awiri, ena mpaka ayamba kudzuka dzuwa litakwera. Bambo wina, amene wagulitsa mbuzi kuti alipire fizi, wamuuza mnyamata wake kuti: “Iwe, ngati ukufuna kupuma, pita kwa Agirikiwo akakulipirire. Ya ine ndi ya mayeso.”